Mankhwala a allergy a zaka zitatu aja, amadya ndalama zingati ndipo ndiyambe?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 34, ndimagwira ntchito ya care ku Leeds kuno. Chibwerereni chimfine sichindichoka, mmawa uliwonse kuyetsemula kosalekeza, usiku mphuno zotseka, maso oyabwa, pena chifuwa chimalira mpaka ndipope inhaler ya buluu ija. A GP, dokotala wanga wa kudera, anandiyeza magazi akuti ndi house dust mite. Mnzanga wandiuza za immunotherapy, akuti imachiziratu koma ndiyodula. Ndi ndalama zingati kodi? Ndingopita ku private? Visa yanga yatsala ndi chaka ndi theka ndipo sindinaganize bwino ngati ndiwonjezere kapena ndizibwerera kumudzi.

Yankho: Achemwali, pepani ndi chimfine chosathacho. Amene sanadwalepo amangoti kachimfine basi, koma munthu wogwira shift ya maola 12 usanagone bwino chifukwa usiku onse umapumira mkamwa, zimafoola ndipo ndimaziona pa odwala ambiri. Ndiyamba ndi manambala poti ndi omwe mwafunsa, koma mawu anu omaliza aja, a visa, ndi omwe andigwira kwambiri ndipo ndikhalitsa pamenepo.

Pang'ono pokha za mdani wanuyo kaye, house dust mite. Ndi tizilombo tochepetsetsa tosaoneka ndi maso, timakhala mmatilesi, mmapilo, mkapeti, mmasofa, timadya tizikhungu tomwe timayoyoka pathupi pathu tsiku ndi tsiku. Si nsikidzi ayi, sitiluma, ndipo sikuti ndinu a uve, mnyumba iliyonse timapezeka. Chomwe thupi lanu likudana nacho ndi ndowe zake, mukazipumira mphuno zimatupa mkati. Nyumba za kuno ndiye zimatikomera kwambiri tizilomboti, kapeti paliponse, mawindo otseka miyezi yonse yozizira, zovala tikuyanika pa radiator chinyezi chili tho mnyumba. Nchifukwa chake ambiri mwa ife vutoli timaliyambira kuno pomwe kwathu tinalibe.

Immunotherapy ndi kulipatsa thupi kachinthu komwe limadana nakoko, mwa muyezo, mobwereza bwereza mpaka lizolowere nkusiya kuchita ndewu. Si zatsopano, madokotala awiri, Leonard Noon ndi John Freeman, anayamba zimenezi ku St Mary's Hospital ku London mu 1911 pobaya anthu madzi a mungu wa udzu. Masiku ano njira zake ndi ziwiri, jakisoni wa pamkono kapena pilisi loika pansi pa lilime. Kwa inu la lilime ndi lomwe mungakumane nalo, dzina lake Acarizax, amapanga ndi a kampani ya ALK ya ku Denmark. Limodzi patsiku, tsiku lililonse, zaka zitatu. Mumaliika pansi pa lilime limasungunuka lokha, osameza malovu kwa mphindi imodzi, osadya kapena kumwa kwa mphindi zisanu. Loyamba lokha mumamwera kuchipatala akukuyang'anirani mphindi zosachepera 30, otsalawo kunyumba.

Tsopano mtengo. Paketi ya mapilisi 30 mtengo wake wolembedwa ku UK mu 2025 unali mapaundi 80 ndi timapeni pang'ono. Pachaka imeneyo ndi pafupifupi 975, zaka zitatu mukukamba za 2,900 ndi kanthu. Amenewo ndi mapilisi okha, pa mtengo womwe pharmacy sinaikepo phindu lake. Ku private muwonjezerepo kuonana ndi consultant koyamba komwe kawirikawiri kumadutsa mapaundi 200, kuyeza kwa pakhungu amalipiritsa padera, tsiku la pilisi loyamba padera, ndiye kubweranso kudzaonedwa kamodzi kapena kawiri pachaka, padera. Mukaphatikiza zonse musadabwe zikapitirira 3,500. Muzisinthe mmakwacha nokha, olo pa rate ya kubanki ndi mamiliyoni ambiri ndithu, ndalama yoti kwathu munthu nkugula puloti.

Koma pali nkhani yabwino yomwe mwina mnzanu uja sanaimve. Kumayambiriro kwa 2025 bungwe la NICE, lomwe limaunika mankhwala oti NHS, yomwe ndi zipatala za boma, izipereka ku England, linavomereza Acarizax kwa anthu a zaka 12 mpaka 65 omwe chimfine chawo cha dust mite ndi chachikulu, chosatha, chotsimikizika ndi kuyeza magazi kapena khungu, ndipo mankhwala wamba awayesa koma osathandiza mokwanira. Mukalowera khomo limenelo simulipira 80 ija ayi, mumangolipira ya prescription yomwe mu 2025 inali 9.90 pa mankhwala amtundu umodzi. Ndiye poti inu mulinso ndi inhaler ndi spray ya mphuno, gulani chiphaso cholipiriratu chija amati PPC, cha miyezi 12 chinali 114.50 ndipo chimakwirira mankhwala onse a prescription kaya achuluke bwanji, mutha kulipiranso pang'ono pang'ono miyezi 10 kudzera kubanki. Zaka zitatu ndi mapaundi 340 ndi kanthu. Taonani kusiyana kwake, 340 uku, 3,500 uko, mankhwala ake omwewo. Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland prescription ndi yaulere, ana osakwana zaka 16 ku England salipiranso. Ndipo musachite manyazi ngati mukupempha chifundo, visa ya Health and Care Worker imakulolani kugwiritsa NHS ngati wina aliyense, msonkho mukudula mwezi ndi mwezi.

Vuto la NHS ndi mzere. A GP sangakuyambitseni okha mankhwalawa, amayenera kukutumizani ku allergy clinic kapena kwa a mphuno ndi makutu, ndipo akatswiri a allergy ku UK ndi ochepa kwambiri. Pa pepala amati masabata 18 koma madera ambiri anthu amadikira kuposa apo. Ku England muli ndi ufulu osankha chipatala chomwe akutumizeni ulendo oyamba, ndiye funsani a GP akuonetseni komwe mzere uli wofupikirapo olo kukhale kokwera sitima. Chenjezo limodzi, anthu ambiri amaganiza kuti ndiyambe ku private miyezi itatu kenako a GP apitirize pa NHS. Sizimangochitika choncho, a GP ali ndi ufulu okana kupitiriza mankhwala omwe anayambira ku private, ndipo ndaonapo anthu atatsala panjira ndi bilu ya mwezi ndi mwezi yomwe sanaikonzekere. Ngati mwaganiza za private, funsani zimenezi musanamwe pilisi loyamba, ndipo akulembereni mtengo wa zaka zonse zitatu osati wa mwezi oyamba okha.

Nde tibwere pa visa paja. Zaka zitatu zija si zongokometsera kapena njira yoti kampani igulitse mapaketi ambiri. Ofufuza a ku Imperial College London anayesa kufupikitsa, anapereka mankhwala a mungu wa udzu kwa zaka ziwiri zokha, ena jakisoni ena mapilisi, zotsatira zinatuluka mu 2017. Pomwe anthuwo amalandira mankhwala zinthu zinkayenda bwino, koma patatha chaka chimodzi atasiya, panalibenso kusiyana kwenikweni ndi anzawo omwe ankalandira mankhwala onamizira opanda kanthu mkati. Pomwe kafukufuku wina wa ku London komweko wa 1999 anaonetsa kuti omwe anabayitsa zaka zitatu kapena zinayi anakhalabe bwino zaka zitatu atasiya. Zoona, onsewo anali a udzu osati dust mite, koma malangizo a zaka zitatu omwe timatsata pa immunotherapy yonse ya mphuno akuchokera pa umboni ngati umenewu. Chomwe mukugula ndi ndalama zonsezo ndi mpumulo wa mtsogolo mutasiya mankhwala, ndipo umenewo umabwera kumapeto. Kusiyira pa chaka ndi theka kuli ngati nyumba zija timaziona kwathu zaima pa windo levulo, njerwa ndi simenti zinalowa zambiri koma munthu sangagonemo.

Tiwerengere limodzi. Mwatsala ndi miyezi 18. Chotsanipo yodikira clinic, tinene kuti mwayamba patatha miyezi isanu ndi umodzi, ndiye kuti mwamwa chaka chimodzi visa yatha. Mukabwerera kumudzi zaka ziwiri zotsalazo mankhwala achokera kuti? NHS sipereka mankhwala a zaka kwa munthu osamuka, mwambo wake ndi osapitirira miyezi itatu. Mzipatala za boma kwathu mankhwala amenewa kulibe, ndipo musadalire kuti mukangolowa mu pharmacy ku Lilongwe kapena ku Blantyre mukawapeza pa shelefu. Muzikayenera kuitanitsa kunja pa mtengo wonse uja wa 80 pamwezi, mmapaundi, pomwe mukulandira makwacha, ndipo tonse tikukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, osanena za kusowa kwa forex. Pafunikanso dokotala okulemberani ndi kukutsatirani. Ubwino wake ndi umodzi okha, mapilisiwa safuna filiji.

Palinso china chomwe ambiri sachiganizira. Mu Acarizax muli mitundu iwiri ya tizilomboti, Dermatophagoides pteronyssinus ndi Dermatophagoides farinae. Mmadera otentha a chinyezi mumapezekanso mtundu wina otchedwa Blomia tropicalis omwe mulibe mpilisimu. Chimodzimodzi a hay fever, chimfine cha mungu wa udzu, pilisi la Grazax ndi la udzu wa timothy wa kuno, pomwe kapinga wathu uja ndi wa gulu lina la udzu ndithu ndipo chitetezo cha uyu sichifikira kwenikweni kwa uyo. Ndiponso mwanena nokha kuti vutoli linayamba mutabwera kuno. Nkutheka ndithu kuti mukabwerera mnyumba ya simenti pansi, mawindo otsegula, zofunda zoyanika padzuwa, chimfinecho chikachepa chokha osalipira kalikonse. Utsi wa mbaula ndi fumbi la mu October zikakuyetsemulitsanibe koma zimenezo si allergy, palibe immunotherapy yochiza utsi.

Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo ndikunena ngati kwa mlongo wanga. Pemphani referral, kalata yokutumizani ku clinic ija, sabata ino, palibe chomwe mutaye, mzere uziyenda inu mukuganiza. Koma pilisi loyamba musamwe musanadziwe komwe mudzakhale zaka zitatu zikubwerazi. Ngati mukuwonjezera visa, yambani pa NHS ndi mtima onse. Ngati mtima uli kumudzi, ndalama ya private ija isungeni.

Mnzanu uja anati imachiziratu. Pamenepo ndikonzeko pang'ono chifukwa sindifuna mudzakhumudwe. Mmakafukufuku akuluakulu a pilisi limeneli, omwe amamwa lenileni anapeza bwino kuposa a lonamizira ndi cha mma 17 kapena 18 peresenti, poyeza zizindikiro ndi kuchuluka kwa mankhwala ena omwe amafunabe. Imeneyo ndi avereji, mkati mwake muli ena omwe moyo unasinthiratu, akugona bwino spray anaiwala, muli ena omwe anangopepukidwa pang'ono, ndi ena omwe sanaone kanthu. Kusintha kumayamba kumveka pakatha masabata 8 mpaka 14, ndipo chaka chikatha popanda phindu lililonse dokotala wabwino amakuuzani kuti tisiye, osapitiriza kuononga. Masabata oyamba mkamwa mumayabwa, kukhosi kumakanda, pena mmakutu momwe, pansi pa lilime kutupako pang'ono, ambiri zimawathera mmwezi umodzi mpaka itatu. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera mphwayi nkusiya, paketi yatsala mu drawer. Mukayamba kumva chakudya chikukakamira pommeza kapena kupuma kukuvuta, apo siyani ndipo muonane ndi adokotala msanga.

Chifuwa cholira chija chandidetsa nkhawa kuposa mphuno. Immunotherapy sitiyambitsa munthu yemwe asthma (mphumu) yake sinakhazikike, chifukwa ngozi zazikulu zomwe zinachitikapo ndi mankhwala amtunduwu zambiri zinagwera anthu a mphumu yosasamalidwa. Adzakuuzitsani mkachipangizo koyeza mphamvu ya mapapo, mukapezeka pansi pa 70 peresenti ya mulingo wanu, kapena munabanika kwambiri mmiyezi itatu yapitayi, sayamba. Ngati ya buluu ija mukupopa katatu pasabata kapena kuposa, kapena chifuwa chikukudzutsani usiku, ndiye kuti mukufunika inhaler yokhala ndi steroid yoteteza, malangizo atsopano a ku UK a November 2024 anachoka kale pa zomangodalira ya buluu yokha. Zimenezi kakonzeni kwa a GP kapena nesi wa asthma mwezi uno, musadikire clinic. Dziwaninso kuti NICE inavomereza pilisili chifukwa cha mphuno osati asthma, ndiye pofotokoza vuto lanu nenani bwino za mphuno, tulo ndi ntchito. Komanso poti muli ndi zaka 34, ngati muli oyembekezera kapena mukukonzekera posachedwa muwauze, mankhwalawa sayambidwa munthu ali ndi pakati.

Pomwe mukudikira pali chinthu chotchipa chomwe ndimaona chikusintha anthu ambiri omwe amabwera atatsimikiza kuti mankhwala onse anakanika. Spray ya mphuno ya steroid, kaya mometasone, fluticasone kapena beclometasone, imagwira ntchito mukamapopa tsiku lililonse, ndipo mphamvu yake yonse imaoneka pakatha sabata ziwiri kapena kuposa. Ambiri amapopa masiku atatu nkuti sikuthandiza. Enanso amapopa molakwika, mutu chagada nkukoka mpweya mwamphamvu, mankhwala onse kuthera kukhosi. Weramitsani mutu pang'ono ngati mukuwerenga, dzanja lamanja lipope mphuno yakumanzere, lamanzere yakumanja, kamlomo kaloze chakunja cha kukhutu osati pa khoma lapakati, ndipo osakoka mwamphamvu. Musanapope tsukani mphuno ndi madzi a mchere, owiritsa nkuzizira. Onjezerani cetirizine kapena loratadine, za mu supermarket zopanda dzina lotchuka ndi zomwezo ndipo nzotchipa kwambiri. Piriton tinazolowera kwathu uja amagonetsa, si wabwino kwa munthu onyamula okalamba kapena oyendetsa galimoto. Zikakanikabe pali spray yophatikiza azelastine ndi fluticasone yomwe a GP angakulembereni. Chitani zimenezi mokhulupirika miyezi iwiri kapena itatu. Zikatheka mwapulumutsa ndalama ndi zaka zitatu, zikakanika ndiye muli ndi umboni omwe a clinic adzaufune kuti akuvomereni.

Ma spray otsegula mphuno pompopompo aja, a xylometazoline monga Otrivine, musawagwiritse masiku ambiri motsatizana, mukazolowera mphuno zimatsekeratu kuposa kale. Zofunda chapani pa madigiri 60, zovala musayanike kuchipinda chogona, tsegulani windo olo mphindi zochepa mmawa. Koma musathamangire kugula makina odula oyeretsa mpweya poganiza kuti ndiwo mankhwala, ndowe za tizilomboti nzolemera, sizikhalitsa mmwamba, zimakhala mmatilesi momwe mwagonamo.

Ndichenjezenso za jakisoni wina yemwe anthu amamusokoneza ndi immunotherapy. Malo ena a private, ngakhale okongoletsa nkhope, amatsatsa jakisoni wa hay fever obaya kamodzi pa mtengo ooneka ofewa. Ameneyo ndi Kenalog, steroid wamphamvu okhala mthupi masabata angapo, saphunzitsa thupi kalikonse, amangopondereza chitetezo chonse. NHS inasiya kumupereka pa hay fever chifukwa cha zovuta zake, shuga kukwera, BP, mafupa kufooka, ndipo mu 2022 akuluakulu oona za mankhwala ndi zotsatsa malonda analetsa kumutsatsa kwa anthu. Chimodzimodzi chizolowezi chathu chomangogula prednisolone kapena dexamethasone chimfine chikavuta, ndimadandaula nacho kwambiri chifukwa anthu amabwera nkhope zitatupa shuga atakwera pa matenda oti spray ikanatha. Zoyeza za pa intaneti zotumiza tsitsi kapena kadontho ka magazi nkukuuzani zakudya 40 zoti musiye, kumeneko ndi kutaya ndalama.

Za jakisoni weniweni wa immunotherapy ndinene mwachidule poti ena owerenga adzamufuna. Amayamba sabata iliyonse kwa miyezi ingapo akukweza muyezo, kenako kamodzi pa mwezi kapena kupitirirako pang'ono kwa zaka zitatu, ndipo ulendo uliwonse mumakhala pa clinic mpaka ola akukuyang'anirani. Ku UK anakhwimitsa malamulo ake mu 1986 anthu ena atamwalira ndi jakisoniyu mmasajale a ma GP, nchifukwa chake amabayira malo okhala ndi zida zotsitsimutsira munthu basi. Kwa munthu olipidwa pa ola ngati inu mtengo wake obisika ndi ma shift otayika ndi thiransipoti, muwerengere zimenezo. Koma pali gulu limodzi lomwe sindiliuza zowerengera ndalama, omwe analumidwa ndi njuchi kapena mavu nkukomoka kapena kubanika. Kwa amenewo jakisoni wa ululu wa njuchi kapena mavu amateteza anthu ochuluka kwambiri, oposa 90 pa 100 pa mavu ndi cha mma 80 pa njuchi, amapulumutsa moyo ndipo NHS imapereka. Abale a ku Joni, kumeneko akatswiri alipo, ku Cape Town kuli UCT Lung Institute ndi Red Cross Children's Hospital, koma mankhwala ambiri a immunotherapy amaitanitsidwa kunja pa dzina la odwala ndi chilolezo cha SAHPRA, bungwe loona za mankhwala kumeneko, ndipo medical aid siikakamizidwa kulipira chimfine cha allergy mmene imakakamizidwira pa asthma, ndiye funsani scheme yanu ikuyankheni polemba musanayambe.

Tsiku lopita kwa a GP musangoti ndili ndi chimfine. Kuyambira lero lembani mu foni masiku omwe mwadzuka usiku, omwe mwajomba kapena kuvutika kuntchito, kangati mwapopa ya buluu, spray yanji mwagwiritsa ndipo kwa nthawi yaitali bwanji. Muwauze kuti mukupempha referral ya ku allergy clinic kuti akakuunikeni za Acarizax molingana ndi malangizo a NICE a 2025, ndipo mutenge pepala la zotsatira za magazi zija. Kalata ya clinic ikafika muiwerenge bwino, nthawi zambiri amafuna musiye cetirizine ndi anzake masiku angapo musanapite kuti zoyeza za pakhungu zioneke bwino, koma inhaler musasiye. Mukafika muwauze za visa poyera mmene mwandiuzira ine, ndipo ngati muli ndi dzino lofunika kuzula kazuliretuni, chifukwa bala la mkamwa limaimitsa mapilisiwa pafupifupi sabata yathunthu.